Chiyidishi: Chiyankhulo cha Amayi Pakati pa Ayuda

Ife amene tidaphunzira Malembo Oyera ku seminale, tikamva za chiyankhulo cha Ayuda timangoganiza za Chihebri. Koma chilipo china chimene Ayuda miyandamiyanda adaleredwa nacho, dzina lake Chiyidishi. Si chakutali monga tingaganizire. Madoda a kwa Chitukula, ku Nambuma ndi ku Namitete amene adapita ku Joni ndi Wenela ankagula mabulangete ndi zakudya m'masitolo a pafupi ndi migodi. Ambiri mwa ogulitsa m'menemo adali Ayuda ochokera ku Lithuania, amene pa okha ankayankhulana m'Chiyidishi.

Chiyambi chake

Chiyidishi chidabadwa zaka ngati 1,000 zapitazo pakati pa Ayuda a ku Ulaya. Tsinde lake ndi Chijeremani chakale, koma chidatenga mau ambiri a Chihebri ndi a Chiaramu, ndipo kuvuma kwa Ulaya chidatolanso mau a Chipolishi ndi ziyankhulo zinzake. Chimalembedwa ndi zilembo za Chihebri, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Eni ake ankatcha Chihebri loshn-koydesh, ndiye kuti chiyankhulo choyera, cha m'sunagoge ndi cha aphunzitsi a Malamulo. Chiyidishi ankachitcha mame-loshn, chiyankhulo cha amayi, cha pamoto ndi pamsika. Aliyense wokumbukira masiku amene Misa inkachitika m'Chilatini koma ulaliki m'Chichewa sangavutike kumvetsa zimenezi.

Kumenyera ulemu wake

Anthu ophunzira, ngakhale Ayuda amene, ankachinyoza kuti n'Chijeremani chopotoka. Mu 1902 boma la Cape Colony lidalamula kuti wofuna kudzakhala m'dzikomo azitha kulemba m'chiyankhulo cha ku Ulaya. Tsono funso lidabuka: kodi Chiyidishi, cholembedwa ndi zilembo za Chihebri, n'cha ku Ulaya? Mlandu sudali wochepa, pakuti pa yankho lake padagona moyo wa mabanja othawa mazunzo mu ufumu wa Russia. David Goldblatt, mkonzi wa nyuzipepala, ndi Morris Alexander, loya, adalimbana nalo boma mpaka lamulo la 1906 lidachivomereza. Mu 1908 msonkhano wa ku Czernowitz udachilengeza kuti ndi chimodzi mwa ziyankhulo za mtundu wa Ayuda, ndipo mu 1925 Max Weinreich ndi anzake adakhazikitsa bungwe la YIVO ku Vilna kuti lizisonkhanitsa mau, nthano ndi mbiri ya eni ake.

Tsoka lalikulu

Isanayambe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu pafupifupi 11 miliyoni ankayankhula Chiyidishi. Mwa Ayuda 6 miliyoni amene a Nazi adapha, ochuluka adali eni ake a chiyankhulochi. Mu 1952 boma la Stalin lidaphanso alembi ake otchuka ku Moscow. Dziko la Israele lidasankha Chihebri, ndipo ku America ndi ku South Africa makolo adalera ana ao m'Chingerezi pofuna kuti atukuke msanga. Adzukulu a ogulitsa a ku Joni aja lero amayankhula Chingerezi.

Mmene zilili lero

Chiyidishi chikuyenda m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya ophunzira. YIVO idasamukira ku New York mu 1940. Isaac Bashevis Singer, amene ankalemba m'Chiyidishi, adalandira mphotho ya Nobel mu 1978. Mu 1980 Aaron Lansky adayamba kutola mabuku amene anthu ankataya, ndipo bungwe lake la ku Amherst lapulumutsa mabuku oposa 1 miliyoni. Njira yachiwiri ndi ya Ahasidi, Ayuda osunga kwambiri miyambo ya chipembedzo, okhala ku Brooklyn, ku Antwerp ndi ku Yerusalemu. Ambiri a iwo sawerenga mabuku a Singer, koma ana ao amasewera, kukangana ndi kulira m'Chiyidishi, ndipo ndi pakati pao pamene ochiyankhula akuchuluka.

Apa ndipo pagona phunziro. Chichewa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo Chichewa Board idakhazikitsidwa mu 1972. Komabe lero m'mabanja ena a mu Lilongwe mwana amadzudzulidwa akayankhula Chichewa. Lamulo lingachipatse chiyankhulo ulemu, akatswiri angasunge mabuku ake, koma ochipatsira kwa ana ndi makolo pakhomo. Ife alaliki tisaiwale kuti mau amene amafika pamtima pa mkhristu ndi omwe adayamba kuwamva ali kumsana kwa mayi wake. Akulu adati m'mera mpoyamba.