Aphunzitsi Osulidwa Asasowe Anzao Okambirana Nao

Pa 23 March, 2020, Boma linatseka sukulu zonse m'Malawi cifukwa ca matenda a Covid-19, ndipo makoleji osula aphunzitsi anatsekedwa pamodzi nazo. Ophunzira anabalalika kunka kwao. Pamenepo anthu ambiri anaona kuti cimene cinatayika sicinali nyumba yophunziriramo yokha ai, koma umodzi wa kalasi: kudziwana, kufunsana ndi kuwongolana.

Bvuto limeneli siliri la nthawi ya mliri yokha. Wophunzira uphunzitsi amatumizidwa ku sukulu ya kumudzi kukayesa nchito miyezi yambiri. Akapeza ana ocuruka m'kalasi imodzi ndi mabuku owerengeka, adzafunsa yani? Ngati ali yekha amataya mtima msanga, ndipo amene amabvutika ndiwo ana.

Lero lino lamya ya m'manja yatsegula njira. Kalasi yonse ingathe kusonkhana pa WhatsApp, wina ali ku Karonga, wina ku Nsanje, nakambirana za phunziro limene linakanika dzulo. Ngakhale wamanyazi, amene m'kalasi amangokhala cete, amapeza mpata wa kuganiza asanalembe yankho lace.

Komatu makina pa okha samanga umodzi. M'caka ca 2000 akatswiri atatu a ku Canada, Garrison, Anderson ndi Archer, anafotokoza kuti zokambirana zotere zimafuna zinthu zitatu. Coyamba, ophunzira adziwane monga anthu, kuti munthu asacite mantha kubvomera kuti walephera. Caciwiri, nkhani ikhale yofuna kuganiza, yosayankhidwa ndi "inde" kapena "iai". Cacitatu, mphunzitsi wa ku koleji akhalepo ndithu: ayambitse funso, aitane amene ali cete, ndipo potsiriza amange mfundo. Bwalo lopanda nyakwawa limasanduka macezo cabe.

Tisaiwale za ndalama. Mtengo wa intaneti ndi kusowa kwa magetsi m'midzi zingatsekereze kunja ophunzira osauka, amene ndiwo ofunitsitsa cithandizo. Cotero nkwabwino kuti mafunso akhale afupi ndi olembedwa, osati makanema, ndipo wophunzira apatsidwe masiku angapo oyankhira.

Akuluakulu a makoleji ndi a maofesi a maphunziro aganizirepo. Mphunzitsi amene anazolowera kufunsa anzace ali pa maphunziro adzalola ana ace kufunsa iye.