Pikiapu ikagona dzinja lonse, vuto limayambira pa waya

Mvula ikamadukiza mu April, m'midzi yozungulira Mitundu ndi Nathenje mumatuluka galimoto zomwe sizinaoneke pamsewu kuyambira mu December. Ndi ma Toyota Hilux akale a dizilo, ma Dyna ndi Canter, komanso tima Nissan 1400, timene kupangidwa kwake kunatha mu 2008 ku South Africa koma kuno tikusenzabe matumba. Eni ake amaziimika pansi pa mtengo kapena m'chigafa chifukwa misewu ya fumbi imaterera ndipo katundu wonyamula amakhala wochepa. Soya, mtedza ndi chimanga zikayamba kulowa pamsika, fodya akufunika kupita ku okushoni ku Kanengo, aliyense amafuna galimoto yake ilire tsiku lomwelo. Zambiri sizilira.

Apa ndi pomwe ndalama zimatayika. Mwini galimoto akapotokola kiyi n'kumva kuti "tche" basi, amathamangira kunena kuti sitata yafa, n'kutuma munthu ku Biwi kapena ku Malangalanga kukagula ina. Zipangizo zimenezi zimachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake siyogula mongoyesa. Chonsecho pa galimoto yomwe inaimikidwa ikuyenda bwino, sitata ndi alternator sizifa zokha zili chigonere. Chimene chimaonongeka ndi batire komanso malo omwe mawaya amalumikizana, ndipo zambiri mwa izi zimakonzeka ndi sipanala, sandipepa ndi kamita koyezera magetsi.

Batire imataya mphamvu pang'onopang'ono ngakhale palibe chimene chayatsidwa, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Wayilesi kapena alamu ikakhala yolumikizidwa, imatha msanga. Choipa kwambiri n'chakuti batire ikakhala yopanda moto kwa miyezi, pazitsulo zam'kati mwake pamamera timiyala toyera touma, ndipo pamenepo imakana kusunga moto ngakhale itchajidwe usiku wonse. Kamita kamanena zoona. Batire yodzadza yomwe yapuma imawerenga 12.6V, ya theka 12.2V, ndipo yotsika pansi pa 12V ndi yophwa. Koma nambala yokhayo imanyenga, chifukwa batire yotha ikangochoka kotchaja imathanso kuonetsa 12.6V. Muyeso weniweni ndi wa nthawi yoliza: wina apotokole kiyi, wina ayang'ane mita. Ikagwa pansi pa 9.6V pomwe batire inatchajidwa mokwanira, yatha ntchito.

Asanapite nayo kotchajitsa pa Mitundu kapena pa Nathenje, mwini galimoto atsegule zivindikiro n'kuona ngati madzi akumiza zitsulo. Akachepa, othira ndi madzi a batire ogula m'botolo basi. A pamjigo ali ndi mchere womwe umapha batire, ndipo kuonjezera asidi, monga amachitira ena pofuna kuidzutsa, kumangoimaliza. Batire ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wophulika, choncho ndudu ndi machesi zikhale kutali. Pali chizolowezi china chofala: kuchotsa batire ya galimoto m'dzinja n'kumaunikira m'nyumba, kuonera kanema ndi kutchajira mafoni. Batire ya galimoto inapangidwa kuti ipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, kenako idzadzidwenso. Kuiphwetsa usiku uliwonse kwa miyezi inayi kumaifupikitsira moyo, ndipo ndalama yomwe inapulumuka pa makandulo siyingafike pa mtengo wa batire yatsopano.

Batire ikakhala bwino, maso apite pamitu yake. Ufa woyera kapena wobiriwira womwe umaunjikana pamenepo umatchinga magetsi. Umachoka ndi madzi ofunda osakaniza soda yemwe amayi amaphikira therere, bola madziwo asalowe m'kati mwa batire. Kenako mitu ndi zomangira zake zipalidwe mpaka ziwale, zimangidwe zolimba, ndi kupakidwa girizi pang'ono. Pomasula, woyamba kuchoka ndi waya wa negative, ndipo pobwezera ndi womaliza. Kutero kumateteza kuti sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto isathetheke moto. Chomangira chomwe chimazungulira ndi dzanja, kapena chokhomedwa msomali kuti chigwire, n'chokwanira kulepheretsa injini ya dizilo kutembenuka.

Waya amene amaiwalika kwambiri ndi wa earth. Magetsi a galimoto amachoka ku batire kudzera pa waya, koma pobwerera amadutsa m'chitsulo cha galimotoyo. N'chifukwa chake pali waya wonenepa wochoka ku negative kupita ku thupi la galimoto, ndi wina wolumikiza injini ndi tchesisi. Chinyontho cha dzinja chimabweretsa dzimbiri pansi pa mabawuti amenewa, ndipo kunja sikuoneka kanthu. Zizindikiro zake zimasokoneza mutu: sitata kutembenuka mwaulesi batire ili yodzadza, nyali zakutsogolo kufiira, kapena nyali yam'mbuyo kuphethira limodzi ndi indiketa. Nthawi zina magetsi akasowa njira amadutsira pa kebulo ya akisiletala kapena ya handibuleki mpaka kuitenthetsa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Jampa imodzi imangidwe kuchoka ku negative ya batire kupita pa chitsulo choyera cha injini, kenako kiyi apotokoledwe. Galimoto ikalira bwino, sitata ilibe mlandu. Ntchito yatsala ndi kumasula bawuti, kupala dzimbiri ndi kumanganso. Makaniko wochotsa sitata asanachite zimenezi akufuna ndalama ya ntchito yaikulu, kapena sakuidziwa bwino ntchitoyo.

Nyali zakutsogolo zimathandizanso kwa amene alibe mita. Ziyatsidwe, kenako kiyi apotokoledwe. Zikazimiratu kapena kufiira kwambiri, vuto lili pa batire, pamitu yake kapena pa earth. Zikapitiriza kuwala chimodzimodzi koma sitata osagwedezeka, magetsi sakufika ku solenoid, ndipo oyenera kuunika ndi kawaya kakang'ono kolowa pa sitata komanso switchi ya kiyi. Sitata isazunguzidwe kupitirira masekondi 10 mpaka 15 nthawi imodzi. Imatentha, ndipo ambiri amaiotcha okha m'mawa womwewo poikakamiza.

Ndiye pali makoswe. Galimoto yoimikidwa pafupi ndi nkhokwe, kapena yomwe kumbuyo kwake kunatsala njere za chimanga, imasanduka nyumba yawo. Amamanga zisa pamwamba pa injini, m'bokosi la air filter ndi kuseri kwa dashibodi, n'kumatafuna mapulasitiki okuta mawaya. Pachifukwa ichi batire isalumikizidwe boneti isanatsegulidwe ndi kuunikidwa bwino ndi tochi. Waya wosendeka akakhudza chitsulo amayambitsa moto, ndipo zinyalala za chisa zimayaka ngati udzu wa mu October. Polumikiza batire koyamba, zonse zili zozimitsa, kuthetheka kwakukulu pamutu wa batire ndi chenjezo loti penapake pali shoti. Waya wodyedwa adulidwe ndi kulumikizidwa ndi wina wonenepa mofanana, womatidwa ndi mtovu kapena cholumikizira chenicheni. Kungopota ndi zala n'kukulunga pepala la pulasitiki kumagwira pabwalo la nyumba, koma pa mabampu a msewu wa kumudzi kumamasuka.

Fyuzi ikapsa imakhala yagwira ntchito yake: yadzipereka kuti waya asapse. Kuika waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwake ndi njira yachidule yootchera galimoto yonse. Yolowa m'malo ikhale ya nambala yomweyo. Pa mafyuzi apulasitiki yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, pomwe galimoto zakale kwambiri zili ndi agalasi olembedwa nambala kumapeto. Yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, shoti ikadalipo. Fyuzi ina imaoneka yamoyo koma timapazi take tachita dzimbiri, ndipo kuizula, kupala ndi kubwezera kumadzutsa hutala kapena waipa yomwe imaoneka ngati yafa.

Sitata ikamatembenuka bwino koma injini osagwira, nkhani imasiyana. Pa dizilo, oyamba kukayikiridwa ndi ma glow plug, omwe eni galimoto amangowatcha mahita, pamodzi ndi relay yake. Akafa, injini imavuta m'mawa wozizira wa June ndi July ndipo imatulutsa utsi woyera. Pa mapampu ambiri a dizilo palinso ka solenoid kotsegula mafuta, komwe kamamveka kuti "tche" kiyi akayatsidwa. Kawaya kake kamodzi kakadyedwa ndi khoswe, injini ingazungulire mpaka batire kutha osalira. Pa petulo zakale za distributor, mapointi amachita kadzimbiri kopyapyala akakhalitsa, ndipo kapu imasunga chinyontho. Kupukuta kapu ndi kansalu kouma ndi kupala mapointi pang'ono kumabweza moto ku mapulagi. Petulo wokhalitsa miyezi m'thanki nayenso amafooka, choncho si zonse zokana kulira zomwe zili za magetsi.

Injini ikalira, mita ibwerere pa batire. Alternator yabwino imakweza muyeso kufika pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Ikakhala pa 12 pomwepo, batire sikulandira kanthu, ndipo galimoto idzazima panjira katundu ali pamwamba. Asanaiweruze alternator, aone lamba ngati sanasweke kapena kukhwepa. Aonenso kanyali kofiira ka batire pa dashibodi, komwe kayenera kuyaka kiyi akayatsidwa ndi kuzima injini ikalira. Pa galimoto zambiri zakale, magetsi odzutsa alternator amadutsira pa kababu kameneka, moti kakapsa kutchaja kumatha kuima. Anthu agulapo alternator chifukwa cha babu. Njira yomwe ena amaikonda, yozula waya wa batire injini ikulira kuti aone ngati izime, ndi yoononga: magetsi amakwera mwadzidzidzi n'kuotcha ma diode a alternator yomwe inali yabwinobwino. Kusemphanitsa majampa pobwereka moto ku galimoto ina kumachitanso chimodzimodzi m'kamphindi.

Malole ambiri, monga ma Canter ndi ma Dyna ena, amayendera 24V, kutanthauza mabatire awiri olumikizidwa motsatana. Onse awiri ayezedwe payekhapayekha, chifukwa imodzi yofooka imakokera pansi inzake, ndipo kugula imodzi yatsopano n'kuiphatikiza ndi yotha kumaononga yatsopanoyo. Wayilesi ya 12V yolumikizidwa pa batire imodzi yokha ndiyo kawirikawiri imayambitsa kusiyana kumeneku. Miyeso yonse ija imawirikiza kawiri: lole yotchaja bwino imawerenga pafupifupi 28V.

Ngati batire yabwino ikuphwa usiku umodzi, pali chimene chikuba moto. Waya wa negative achotsedwe, ndipo pakati pa iye ndi mutu wa batire paikidwe kababu ka 12V. Kakawala kwambiri zonse zili zozimitsa ndi zitseko zotseka, mafyuzi azulidwe imodziimodzi mpaka kazime. Fyuzi yomwe yakazimitsa ndiyo ikuloza njira yomwe muli wakubayo, ndipo nthawi zambiri amakhala wayilesi, alamu kapena nyali zoonjezera zomwe zinalumikizidwa mwachisawawa.

Chotsala ndi mapepala. Galimoto yogona miyezi inayi kapena isanu imatha kudzuka COF ndi inshulansi zitatha, ndipo ku Road Traffic amayesa nyali, ma indiketa, hutala ndi mawaipa. Wochokera ku Nathenje popita ku Kanengo amadutsa pa M1, komwe apolisi apamsewu sasowa. Nyali ya buleki yosayaka chifukwa cha dzimbiri m'soketi ya babu imakonzeka m'mphindi zisanu pakhomo, pomwe pa rodibuloko imadya chindapusa ndi theka la tsiku. Amene akufuna kunyamula katundu woyamba wa nyengo ino ayambe kuunika galimoto milungu iwiri msika usanatenthe, amakaniko asanadzadzidwe ndi ntchito. Ndipo pofika December, poimikanso galimotoyo, waya wa negative achotsedwe, kumbuyo kusesedwe njere zonse, ndipo batire izipita kotchaja kamodzi pamwezi.