Foni ndi kompyuta zikakana kugawana mafayilo

Nyengo ya mvula ikafika ku Thyolo, tiyi amaphuka mothamanga ndipo ntchito imachuluka m'minda ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba. Makalaliki amalemba makilogalamu a masamba omwe athyoledwa, ndipo achinyamata ofuna ganyu amayenda ndi zithunzi za ziphaso zawo m'foni. Bandulo ndi yodula, choncho ambiri amakonda kungosamutsa fayilo kuchoka pafoni kupita pakompyuta popanda intaneti. Apa ndiye pamayambira mutu waukulu: fayilo yakana.

Ambiri amathamangira kunena kuti "netiweki yavuta". Koma kawirikawiri chomwe chatseka njira ndi chilolezo. Android, iPhone ndi Windows, chilichonse chili ndi malamulo ake a yemwe angaone kapena kusintha fayilo.

Tiyambe ndi chingwe. Mukalumikiza foni ya Android ku laputopu, nthawi zambiri imangoyamba kutchaja. Tsegulani loko wa foniyo, tsitsani uthenga wa USB pamwamba, ndipo sankhani File transfer. Ikakanabe, sinthani chingwe, chifukwa zingwe zina zotchipa n'zotchajira basi. Pa iPhone pamabwera funso loti Trust This Computer. Mukapanda kuvomera, kompyuta siona zithunzi zanu.

Nanga Xender kapena SHAREit ikamaonetsa kuti mulibe kanthu m'foni? Kuyambira pa Android 13, chilolezo cha zithunzi ndi mavidiyo n'chosiyana ndi cha nyimbo. Lowani mu Settings, kenako Apps, sankhani pulogalamuyo, muone Permissions. Musavutikenso kuyesa Bluetooth pakati pa iPhone ndi Android, satumizirana mafayilo mwanjira imeneyo. Quick Share, yomwe mpaka 2024 inkatchedwa Nearby Share, ili ndi pulogalamu yake ya Windows, ndipo imathandiza kwambiri.

Mu ofesi momwe foda ya pa Windows yagawidwa pa Wi-Fi, onani zinthu zitatu. Choyamba, netiweki ikhale pa Private, chifukwa ikakhala pa Public kompyutayo imabisala. Chachiwiri, foda ili ndi zitseko ziwiri, Sharing ndi Security. Mukatsegula chimodzi chokha, chokhwimitsacho ndi chomwe chimagwira ntchito, ndiye mumalandira uthenga wa Access denied. Chachitatu, dzina ndi pasiwedi zomwe foni ikufunsa ndi za akaunti ya pakompyutapo, osati PIN yomwe mumatsegulira laputopu. Pa iPhone, kuyambira iOS 13 ya 2019, pulogalamu ya Files ili ndi Connect to Server, pomwe mumalemba smb:// motsatana ndi adiresi ya kompyutayo.

Koma chenjerani ndi njira zachidule. Wina akuuzani kuti ingopatsani Everyone mphamvu zonse. Mukatero, aliyense yemwe wakwanitsa kulowa mu fodayo kudzera pa Wi-Fi imeneyo angathe kukopera, kusintha kapena kufufuta. Tangoganizani mndandanda wa malipiro a anthu othyola tiyi utasinthidwa tsiku lolandira lisanafike. Wina akuuzani kuti muyatse SMB1 kuti chipangizo chakale chilumikizike. Imeneyo ndi njira yomwe vairasi ya WannaCry inadzera mu Meyi 2017 ndi kusokoneza zipatala ku Britain, ndipo Microsoft inasiya kuiyatsa pa Windows yatsopano.

Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira. Chithunzi cha chiphaso cha unzika cha mnzanu chikatuluka chifukwa munasiya foda poyera, nkhani yake imakhala yaikulu.

Choncho pangani foda imodzi yogawana, ikanimo zofunika zokha, perekani Read kwa ongowerenga, ndipo mukamaliza zimitsani Sharing. Mukapita poikitsa nyimbo pa Bvumbwe kapena pa Luchenza, perekani memory card yopanda zithunzi za ziphaso zanu.