Pikapu Yakale Igulidwe ndi Maso Otseguka

Ndimalangiza aliyense wofuna kugula pikapu yogwiritsidwapo kale ntchito kuti asakopeke ndi penti. Pikapu ndi galimoto ya katundu, ndipo kutopa kwake kumabisala kunsi. Gwadani muone chasisi ngati chadyeka ndi dzimbiri kapena chinawotcheredwapo, muonenso masipuling'i akumbuyo.

Injini ilizeni m'mawa isanatenthe. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti ikudya oyilo, pomwe wakuda kawirikawiri umachokera ku fyuluta yotsekeka kapena ma injector otopa. Ngati ndi Toyota Hilux ya injini ya 2KD, funsani za lamba wa timing, chifukwa amayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000 aliwonse, ndipo akaduka amawononga injini.

Musanapereke ndalama, yerekezani nambala ya chasisi ndi yomwe ili pa blue book, ndipo umwini ukasinthidwe ku Road Traffic.

Mukagula, sinthani oyilo, mafyuluta ndi mabuleki nthawi yomweyo. Izi ndi zotsika mtengo, koma zikanyalanyazidwa zimabala mavuto aakulu. Ine ndimati pitani ndi makaniko wanu wodalirika, osati wa wogulitsa, ndipo musathere ndalama zonse pogula: sunganiko zina zokonzetsera.