Zipangizo Zophunzitsira Zosalira Ndalama Zambiri: Kuwerenga ndi Masamu m'Masukulu a Pulayimale a m'Boma la Rufunsa

1.0 Mawu Oyamba

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza m'mene mphunzitsi wa makalasi oyambirira angapangire yekha zipangizo zophunzitsira kuwerenga, kulemba ndi masamu kuchokera ku zinthu zopezeka pamalo pamene sukulu yake ili. Tatenga boma la Rufunsa, m'chigawo cha Lusaka m'dziko la Zambia, ngati chitsanzo chathu, popeza kumeneko vuto la kuchepa kwa mabuku likumana ndi vuto linanso la chiyankhulo. Tiyamba ndi kufotokoza za deralo ndi mbiri ya chiyankhulo chophunzitsira, kenaka tilongosola zipangizozo ndi chifukwa chake zimagwira ntchito, ndipo potsiriza tinena zoyenera kusamala nazo. Mfundo imene tikuyimirapo ndi yakuti chipangizo chothandiza mwana ndi chimene chapangidwa motsata kapangidwe ka chiyankhulo chimene iye akuphunzira kuwerenga.

2.0 Dera la Rufunsa ndi Ziyankhulo Zake

Rufunsa inakhala boma palokha m'chaka cha 2013, itagawidwa kuchokera ku boma la Chongwe. Likulu lake lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East Road wopita ku Chipata. Dzikoli ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo midzi yambiri ili kutali ndi msewu, kotero kuti m'nyengo yadzinja katundu wa sukulu savuta kuchedwa. Eni nthaka ndi Asoli, a pansi pa mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta. Chisoli ndi chiyankhulo cha gulu limodzi ndi Chitonga, Chilenje ndi Chiila, ndipo nchosiyana ndithu ndi Chinyanja.

Komabe pa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'masukulu, chimene chinaperekedwa ku chigawo cha Lusaka ndi cha Kum'mawa ndi Chinyanja. Motero m'kalasi imodzi ya giredi 1 ku Rufunsa mungapezeke mwana wolankhula Chisoli kwawo, wina wolankhula Chinyanja cha m'tauni chosakanikirana ndi mawu a Chingerezi ndi Chibemba, ndi winanso amene makolo ake anachokera Kum'mawa ndipo amalankhula Chichewa kapena Chinsenga. Chinyanja cha m'mabuku chimatsamira pa Chichewa, choncho kwa ana ambiri mawu ena a m'buku amakhala achilendo ngakhale kuti chiyankhulocho amachimva.

3.0 Mbiri ya Chiyankhulo Chophunzitsira

Dziko la Zambia litangolandira ufulu, lamulo la zamaphunziro la 1966 linakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira giredi 1. Zotsatira zake zinaonekera bwino m'zaka za m'ma 1990 pamene Eddie Williams anayesa ana a m'masukulu a pulayimale a ku Malawi ndi ku Zambia. Iye anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi ana a mayiko awiriwa sanasiyane kwenikweni, ngakhale kuti a ku Malawi ankaphunzira m'Chichewa zaka zinayi zoyamba. Koma pa kuwerenga chiyankhulo cha kwawo, ana a ku Malawi anaposa kwambiri anzawo a ku Zambia.

Chikalata cha boma chotchedwa Educating Our Future cha 1996 chinavomereza kuti mwana ayambe kuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chimene akuchidziwa. Kuchokera apo kunabadwa Primary Reading Programme, imene inayenda kuyambira 1999 mpaka 2005 ndi thandizo la boma la Britain, ndipo chigawo chake cha giredi 1 chinkatchedwa New Breakthrough to Literacy. Njirayi inadza ndi zipangizo zake zosindikizidwa: timabuku, zithunzi ndi makadi a mawu. Thandizo litatha, zipangizozo zinayamba kung'ambika ndi kusowa, ndipo masukulu ambiri sanathe kugula zina. Mu 2014 ndondomeko yatsopano inayika ziyankhulo za m'dziko kukhala zophunzitsira kuyambira giredi 1 mpaka 4. Ndondomeko ina ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, inabwezeretsa Chingerezi pamalo amenewo, ndi kulola kuti ziyankhulo za m'dziko zizithandiza pofotokozera ana zimene sakumva.

Pamwamba pa zonsezi, mu 2022 boma linachotsa fizi m'masukulu ake mpaka giredi 12, ndipo ana anachuluka m'makalasi. Chaka chomwecho aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa ntchito, koma mabuku sachuluka msanga ngati ana. Phunziro limene tikutolapo pa mbiriyi ndi lakuti ndondomeko zimasintha ndipo othandiza amabwera ndi kupita, koma mwana wa giredi 1 sangadikire. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: mwana amene wafika giredi 4 asanadziwe kuwerenga amalephera maphunziro ena onse, ndipo kawirikawiri ndiye amayamba kusiya sukulu.

4.0 Zipangizo za Kuwerenga ndi Kulemba

Maganizo opanga zipangizo kuchokera ku zinthu zapafupi si atsopano. Ku Malawi, bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi linawafalitsa ndi dzina lakuti TALULAR. Chimene tikuwonjezera pano ndi kugwirizanitsa chipangizo chilichonse ndi mbali ina ya chiyankhulo.

4.1 Makadi a malembo ndi maphatikizo

Chinyanja chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu. Kalembedwe kake kamatsata katchulidwe, kotero kuti mwana amene wadziwa maliwu a malembo angathe kuwerenga ngakhale mawu amene sanawaonepo. Ichi ndicho chifukwa chake makadi odulidwa ku makatoni akale a sopo kapena a mafuta ophikira ali okwanira kuyambira. Mphunzitsi alembe malembo a liwu pa makadi a mtundu umodzi, malembo opanda liwu pa a mtundu wina. Mwana akayika m pambali pa a, nasintha a kuyikapo e, amaona ndi maso ake m'mene ma asandukira me. Maphatikizo ma, ta, ka ndi la okha amabereka mawu monga mata, kata, kala ndi makala.

Chipangizo china ndi gudumu la maphatikizo: makatoni awiri ozungulira, laling'ono pamwamba pa lalikulu, omangidwa pakati ndi kawaya kapena ulusi. Pa laling'ono palembedwe malembo opanda liwu, pa lalikulu malembo a liwu, ndipo mwana akamazunguza maphatikizo amasintha.

4.2 Maliwu ovuta

Ana ambiri amapunthwa pa malembo ophatikizana monga mb, nd, nj, mph, nth ndi nkh, ndiponso pa kusiyana kwa liwu lotuluka ndi mpweya ndi lopanda mpweya. Apa nkofunika makadi a mawu awiriawiri osiyana pa liwu limodzi lokha: pala ndi phala, kola ndi khola, ndiponso ngoma poyerekeza ndi ng'oma. Nthenga ya nkhuku kapena kapepala kopyapyala kogwiridwa patsogolo pa milomo kamagwedezeka mwana akanena phala, koma sikagwedezeka kwenikweni akanena pala. Mwana akaona zimenezi amazindikira ntchito ya lembo la h, ndipo saliyiwalanso polemba.

Mphunzitsi achenjerenso ndi kalembedwe. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Zamaphunziro wa ku Zambia unavomereza mu 1977 amalemba c pamene Amalawi amalemba ch, monga Cinyanja, ndipo ch wa ku Zambia ndi tch wa ku Malawi. Wokopera makadi kuchokera m'buku la ku Malawi ayenera kuwasintha kuti agwirizane ndi zimene mwana adzakumana nazo m'mabuku ndi pa mayeso a m'dziko lake.

4.3 Thumba la ziganizo

Thumba la ufa lochapidwa bwino, litang'ambidwa ndi kusokedwa timatumba m'mizere, limasanduka poyikapo makadi a mawu. Chipangizochi chimaphunzitsa mgwirizano wa dzina ndi mneni popanda kutchula malamulo a galamala. Mphunzitsi ayika chiganizo chakuti "Mtengo wagwa", kenaka achotsa mtengo nayikapo mitengo, ndipo ana eni ake amamva kuti wagwa sakuyeneranso, pafunika yagwa. Chimodzimodzi "Chingwe chaduka" chisanduka "Zingwe zaduka". Kwa mwana wolankhula Chisoli, amene chiyankhulo chake chilinso ndi magulu a mayina koma ndi agwirizanitsi akeake, masewera amenewa amamuonetsa pamene ziyankhulo ziwirizi zikufanana ndi pamene zikusiyana.

4.4 Polembera ndi timabuku ta m'kalasi

Mwana asanagwire pensulo angathe kulemba ndi chala pamchenga wothiridwa m'lichero kapena pabwalo losesedwa, ndi kuumba malembo ndi dongo. Bolodi lofufuma limadetsedwanso ndi makala osinja osakaniza ndi masamba a mbatata, ndipo phala la ufa wa chinangwa limamata mapepala bwino lomwe.

Chosowa chachikulu ndi chowerenga. Mwana sangazolowere kuwerenga ndi makadi okha. Mphunzitsi apemphe agogo a m'mudzi kuti adzanene nthano, miyambi ndi zilapi, iye nkuzilemba m'ziganizo zifupizifupi pa mapepala osokedwa pakati, ana a makalasi apamwamba nkujambulamo zithunzi. Kabuku ka masamba asanu ndi atatu konena za kukolola chimanga, za njuchi, kapena za akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu kamawerengedwa mwachidwi chifukwa mwana amazidziwa kale zimene kakunena. Pakhoma pakhalenso mndandanda wa mawu a zinthu za tsiku ndi tsiku m'Chisoli, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, wolembedwa mothandizana ndi makolo. Mndandanda wotere ndi mlatho, ndipo umauza mwana kuti chiyankhulo cha amayi ake sichinatsale kunja kwa chitseko.

5.0 Zipangizo za Masamu

Mawerengedwe a Chinyanja amayima pa zisanu ndi pa khumi: timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, makumi awiri ndi zitatu. Ana ambiri amadziwa kutchula manambala m'Chingerezi chifukwa cha kumsika, koma osamvetsa kuti 23 ndi makumi angati ndi zotsala zingati. Dzina la nambala m'Chinyanja limanena lokha yankho limenelo. Timitengo ta nsungwi kapena ta udzu wokhwima, tomangidwa khumikhumi ndi luzi, timaonetsa zimenezi poyera: mitolo iwiri ndi timitengo titatu ndiwo makumi awiri ndi zitatu. Pochotsera 8 pa 23 mwana amayenera kumasula mtolo umodzi, ndipo kumasulako ndiko kubwereka kumene amauzidwa pabolodi. Njira ya mitolo imeneyi imagwiritsidwanso ntchito m'ndondomeko ya Catch Up, imene Unduna unayamba kuyesa mu 2016 potengera nzeru za bungwe la Pratham la ku India, zakuti ana aphunzitsidwe m'magulu molingana ndi pamene afika, osati molingana ndi giredi yawo.

Zitsekerero za mabotolo, njere za malambe ndi za bwemba, ndi timiyala zimathandiza powerengera, pogawa ndi pochulukitsa. Nsolo, imene maenje ake amakumbidwa pansi popanda mtengo uliwonse, imazoloweretsa mwana kuwerenga mwachangu ndi kuganiza patsogolo. Kagolosale ka pangodya ya kalasi, ka mapaketi opanda kanthu ndi ndalama zamapepala zolembedwa kwacha ndi ngwee, kamaphunzitsa kuphatikiza, kuchotsera ndi kalankhulidwe kaulemu nthawi imodzi. Pabwalo ana angajambule mapu a boma lawo, chingwe chikhale msewu waukulu, phulusa likhale mitsinje ya Lunsemfwa ndi Luangwa, milu ya dothi ikhale mapiri.

6.0 Zoyenera Kusamala

Poyamba, zipangizo zotere sizilira ndalama koma zimalira nthawi, ndipo mphunzitsi wa ana ochuluka sangazipange yekha. Mutu umodzi susenza denga. Misonkhano ya aphunzitsi ya pasukulu ya m'ndondomeko ya SPRINT, ndi malo osungirako zipangizo a m'mazoni ndi a paboma, ndiyo mipata yabwino yopangira zinthu pamodzi ndi kugawana. Chachiwiri, chiswe, makoswe ndi chinyezi zimawononga makatoni. Asungidwe m'chidebe chotseka kapena apachikidwe kudenga. Chachitatu, mabotolo ndi matumba amene munali mankhwala a thonje kapena a mbewu asalowe m'kalasi ngakhale atatsukidwa, ndipo njere zing'onozing'ono zisasiyidwe ndi ana popanda wowayang'anira. Chachinayi, chipangizo chopachikidwa pakhoma chaka chathunthu osakhudzidwa ndi mwana chimangokongoletsa chipinda. Muyeso wake ukhale wakuti ana angati achigwira lero.

7.0 Mawu Omaliza

Zimene tafotokozazi sizichotsa udindo wa boma wopereka mabuku okwanira. Kabuku kosokedwa ndi mphunzitsi ndi kothandizira podikira buku losindikizidwa ndi powonjezera pa ilo. Komabe taona kuti kapangidwe ka Chinyanja, kosavuta pa maphatikizo ndi komveka pa mawerengedwe, kamalola kuti katoni, thumba ndi timitengo zichite ntchito yaikulu, ndipo luso la kulumikiza lembo ndi liwu limene mwana walipeza m'Chinyanja amapita nalo ku Chingerezi. Ntchito yotsalira madipatimenti a ziyankhulo, pamodzi ndi masukulu ophunzitsa aphunzitsi monga Chalimbana wa ku Chongwe, ndi kusonkhanitsa nthano ndi mindandanda ya mawu imene aphunzitsi a ku Rufunsa angalembe, kuyikonza kalembedwe, ndi kuyibweza kwa eni ake itasindikizidwa, makamaka ya m'Chisoli chimene zolembedwa zake ndi zochepa kwambiri.