Chotupa cha M'nsagwada mwa Mwana: Tisachedwe Kukapimitsa

Kodi vuto lake ndi lotani?

Ambiri a ife tinaonapo mwana atatupa tsaya, mano akugwedera. Timafulumira kunena kuti ndi matsagwidi, dzino lobooka, kapena kuti amulodza. Koma nthawi zina imakhala khansa yotchedwa Burkitt lymphoma. Dzinali ndi la dokotala Denis Burkitt amene anafotokoza za matendawa ku Uganda mu 1958. Khansayi ndi imodzi mwa zimene zimagwira ana kwambiri kuno ku Malawi, ndipo imapezeka makamaka kumadera a malungo ambiri.

Chotupachi chimadya fupa la nsagwada ndi kulowerera mu mnofu wozungulira, ngakhale kuseri kwa diso. Chimamera ndi m'mimba momwe. Matsagwidi amaphwa okha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, koma ichi chimakulirakulira tsiku ndi tsiku.

Kodi madokotala amachizindikira bwanji?

Ndi maso okha palibe angatsimikize, ngakhale dokotala amene. N'chifukwa chake pali njira zitatu izi:

1. Ekisire. Imajambula fupa ndi kuonetsa pamene ladyeka, makamaka mozungulira mizu ya mano. Koma sitchula dzina la matenda, pakuti mafinya a m'fupa nawonso amaliwononga.

2. Sikani ya pamimba. Adokotala amapaka mafuta pamimba nayendetsapo kachipangizo, monga achitira ndi amayi oyembekezera. Amafuna kuona ngati muli zotupa m'impso, m'chiwindi kapena m'matumbo. Sipweteka.

3. Singano. Amabaya chotupacho nakoka timadzi pang'ono, kapena amadulako kanyama, kuti akaunike pa makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Apa ndiye pamadziwika dzina lenileni la matenda. Malo oyezera zotere anatsegulidwa pa chipatala cha Kamuzu Central mu 2011.

Amayezanso magazi, ndiponso madzi a mumsana kuti aone ngati matenda afika kumeneko.

Nanga ife tichite chiyani?

Kaya tili ku Nsaru, Mpingu, Kabudula kapena Nambuma, tiyambire kuchipatala chapafupi. A ku Namitete ali ndi chipatala cha St Gabriel. Akatilembera kalata yopita ku Kamuzu Central, tinyamuke msanga, tisadikire kuti fodya agulidwe kaye. Tisazulitse dzino logwedera pa chotupa, ndipo tisatemere mphini. Tili ndi ufulu wofunsa kuti zotsatira zituluka liti ndipo zikutanthauza chiyani.

Khansayi imamva mankhwala. Chotupa chimaphwa msanga, koma mwana amalize ndithu mankhwala onse, chifukwa akalekeza panjira chimabwerera. Ana ofika msanga ndiwo ali ndi mwayi waukulu wochira.

Mafunso okambirana

1. N'chiyani chimatichedwetsa kupita ndi mwana kuchipatala?
2. Banja likasowa ndalama yoyendera, ife anansi tingalithandize bwanji?
3. Mayi akakhalitsa kuchipatala ndi mwana wodwala, adzasamale ana otsala ndi munda ndani?