Kapu ya Makaloni si Kapu ya Mpunga

Makaloni ndi supageti zafika m'makomo ambiri kuno kunyanja, ndipo paukwati kapena pa Idi sizisowa pambali pa mpunga ndi nyama. Koma amayi ambiri amene salakwa poyeza mpunga amasokonezeka akafika pa makaloni. Tsiku lina chakudya chimatha alendo asanakhute. Tsiku lina chimatsala chodzadza beseni, n'kugona, m'mawa chasasa ndi kutentha kwathu kuno. Kwinaku ndi manyazi, kwinaku ndi ndalama zotayika.

Chimene chimatisocheretsa ndi kapu. Kapu imayeza malo amene chinthu chatenga, osati kulemera kwake. Mpunga ndi waung'onoung'ono, umathithikana bwino, choncho kapu ya mamililita 250 imanyamula magalamu pafupifupi 200. Makaloni ndi obooka pakati ndiponso opindika, motero mbali yaikulu ya kapuyo imakhala mpweya chabe. Kapu yomweyo ya makaloni aang'ono opindika aja imangolemera magalamu 110 kapena 120, ndipo akakhala akuluakulu safika ndi 100 pomwe. Tsono mayi amene wati, "Mpunga ndimathira makapu 4, makaloninso ndithira 4," waphika pafupifupi theka la chakudya chimene amafuna.

N'chifukwa chake papaketi amalemba magalamu. Munthu wamkulu amakhuta ndi magalamu 80 mpaka 100 a makaloni osaphika, ngati ndicho chakudya chenicheni. Ngati palinso mpunga kapena nsima, magalamu 50 akwana. Musadere nkhawa poona kuchepa kwake m'mbale, pakuti akapsa amamwa madzi n'kulemera kuwirikiza kawiri, mwinanso kupitirira.

Nanga wopanda sikelo atani? Paketiyo ndiyo sikelo yanu. Tengani paketi ya magalamu 500, muikhuthulire m'kapu imene mumagwiritsa ntchito masiku onse, mukuwerenga. Ikadzadza makapu 4, ndiye kuti kapu yanu ndi magalamu 125. Ikadzadza 5, kapu yanu ndi magalamu 100. Ikani chizindikiro pakapuyo ndipo musaisinthe. Mukagula makaloni a maonekedwe ena, yezaninso, chifukwa mtundu uliwonse umakhala m'kapu mosiyana.

Supageti sayezedwa m'kapu, pokhala ndi wamtali ngati timitengo. Yalani paketi yonse pathireyi louma, muigawe mitolo 5 yofanana. Mtolo uliwonse ndi magalamu 100, gawo la munthu mmodzi wanjala ndithu.

Tiyerekeze kuti mukulandira anthu 30 ndipo mpunga ulipo. Magalamu 50 kuchulukitsa ndi 30 ndi magalamu 1,500, amene ndi mapaketi 3. Ngati mpunga palibe, werengerani magalamu 80 aliyense: zikwana magalamu 2,400, choncho gulani mapaketi 5. Masamu amenewa achitikire kunyumba, musanapite kugolosale.

Kudziwa kulemera kumathandizanso pa madzi. Anthu a ku Italy, kumene chakudyachi amadya tsiku ndi tsiku, amaika lita imodzi ya madzi ndi magalamu 10 a mchere pa magalamu 100 alionse. Madziwo ayambe abwadamuka musanathire makaloni, ndipo muvundule msanga kuti asamatane. Poto ikachepa, phikani kawiri.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Lero lomwe itanani mwana wa sukulu, mupatseni paketi ndi kapu, awerenge, alembe papepala, mupachike pakhoma la kukhitchini.